Mapensulo a phula aja musawatsekere mu kabati, madamu

Mphunzitsi wina wa Sitandade 6 cha ku Songani wanditumizira imelo, akuti achimwene awo a ku Johannesburg anawabweretsera bokosi la mapensulo 12 olembedwa kuti china marker, ndiye akudandaula kuti shapena ikungowanyenya, labala sakufufuta, kodi angathandize pa Expressive Arts kapena angowasunga?

Madamu musasunge ayi, koma choyamba shapenayo ikhale patali. Mkati mwa mapensulowa muli phula lolimba losakaniza ndi utoto, kunjaku si thabwa koma pepala lokulungiza, ndipo m'mbali muli kaulusi. Mukakoka kaulusiko pang'ono kamang'amba pepalalo, inu n'kumasenda mozungulira mpaka nsonga itatuluka. Pang'ono ndithu, mwana akakoka kwambiri nsonga imatalika n'kuthyoka, ndiye yosendayi izikhala ntchito yanu.

Zoti labala sakufufutazo, kwa ine ndiye ubwino wake weniweni. Mumawaona nokha ana athu, kalemba kamzere kamodzi afufuta, kena afufuta, mpaka pepala kubooka belu n'kulira asanamalize ngakhale khutu la mbuzi. Ndi pensulo iyi mzere ukatera papepala watera basi, ndiye mwana amayamba wayang'anitsitsa kaye kenako n'kujambula molimba mtima, ndipo zimatuluka zakuda bii zooneka ngakhale kwa amene wakhala kumbuyo kwa kalasi. Atulutseni panja ayang'ane phiri la Zomba, apatseni mphindi 5 zokha, akamasindikiza kwambiri pamada, akamangokhudza pamaoneka mbuu ngati nkhungu. Mu kope ayi, phula limadetsa tsamba linalo. Apatseni makatoni kapena mapepala a matumba a simenti, pokhakhala pamagwira bwino.

Komatu anawapangira kulemba pa zinthu zosalala monga galasi, mbale zadothi, pulasitiki ndi zitsulo, ndipo pamenepo amafufutika ndi kansalu kouma. Ngati kalasi yanu ili ndi mawindo a galasi, mwana mmodzi agwire tsamba la papaya kunja, mnzake azilondola mitsempha ya tsambalo mkati, akamaliza apukute abwere ena. Chivindikiro cha ndowa ya pulasitiki chimagwiranso ntchito.

Ngati m'bokosimo muli oyera kapena achikasu, ajambule nsomba za ku Chilwa kenako apake penti wa madzi pamwamba, phula limakana madzi ndiye nsombazo zimangotulukira zokha, ana amakuwa ndi chimwemwe. Akatha oyerawo kandulo amachita zomwezo, ndi TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, yomwe a MIE, bungwe lokonza maphunziro ku Domasi, amatilimbikitsa ija.

Ana ochuluka mapensulo 12, agaweni m'magulu, gulu lililonse pensulo imodzi ndi mtsogoleri woibweza kwa inu. Ndipo kutentha kwa Okutobala kukafika musawasiye pawindo kapena pafupi ndi malata, amafewa n'kupindika, mukamaliza phunziro asungeni pozizira mu kabati ya ku ofesi.