Za makutu a Bingo, kuyankha msuweni

Msuweni, uthenga wanu ndauona. Mwafunsa kuti makutu a galu amatsukidwa bwanji pakhomo, koma ine ndawerenganso mzere wachiwiri uja, pamene mwanena mongodutsa kuti Bingo akupukusa mutu usiku wonse ndipo ana akudandaula ndi fungo. Kafunsidwe kanu ndi komweko kuyambira tili ana, nkhani yeniyeni mumaiika kumapeto kuti isaoneke. Dikirani kaye, ndiyambe ndi malume a ku Mponela, bambo anu aang'ono.

Mukumukumbukira Kambuku, galu wawo wa makutu ogwa uja? Chinali chaka chija cha mkangano wa munda wa kudambo, pamene iwo ndi amayi sankapatsana moni, ndiye mwina inu simunaimve bwino nkhaniyi. Kambuku ankapita nawo kosaka akalulu, ndipo tsiku lina atabwerako anayamba kukanda khutu lakumanja mpaka kulira. Malume anatenga nthenga ya nkhuku, naiviika mu palafini, nayamba kutokosa. Ayi, pepani, palafini anabwera pambuyo, poyamba anathira oilo wakuda wotsala m'galimoto, chifukwa mnzawo wina wa pamsika anawauza kuti amapha tizilombo. Malumewo galuyo ankamukonda kwambiri, nsima ankamutemera ya m'mbale yawo yomwe, ndipo zonsezi ankachita pofuna kumuthandiza. Patapita masiku galu anayamba kuyenda atapendeketsa mutu, nthawi zina kumazungulira pamodzimodzi n'kugwa. Anthu a m'mudzi atamuona anati ndi chiwewe, ndipo anyamata anali atatola kale zibonga. Malume anamuika m'dengu, namumangirira pa njinga, napalasa mpaka kwa mlangizi wa ziweto ku dibi. Mlangiziyo anapeza kuti mkati mwenimweni munalowa kanjere ka udzu, ndipo kutokosa kuja kunakakankhira kutsogolo mpaka nembanemba ya m'khutu inabooka, kotero kuti palafini ankafika kumene sikuyenera kufika kanthu. Kambuku anachira, koma khutu limenelo silinamvenso, ndipo kosaka sanapitenso. Malume ankati akamuitana ali mbali imeneyo iye osatembenuka, ankangokhala chete nthawi yaitali.

Tsono za kutsuka, popeza ndi zimene mwafunsa. Njira ya m'khutu la galu si yowongoka, imatsika pansi kenako n'kukhota ngati chigongono kulowera mkati, n'chifukwa chake chilichonse chosongoka, kaya ndi kamtengo ka machesi kaya timitengo ta thonje tija, chimangokankhira litsiro pokhota paja. Mugule mankhwala otsukira makutu a agalu kwa dokotala wa ziweto, pamodzi ndi thonje. Munthu wina agwire galuyo modekha, inu mukweze khutu, muthire mankhwalawo osalowetsa mlomo wa botolo mkati, kenako musisite m'munsi mwa khutu kwa masekondi 20 mpaka 30, ndipo mudzamva madziwo akulira mkatimo. Mumusiye apukuse mutu, chifukwa kupukusako ndi kumene kumatulutsa litsiro, ndipo inu mungopukuta ndi thonje pamene chala chanu chikufika popanda kukakamiza. Sipiriti, palafini, madzi a sopo wochapira ndiponso mankhwala a dibi zisalowemo, chifukwa zimaotcha khungu. Nkhupakupa ikakhala kunja, pa tsamba la khutu, muigwire pafupi ndi khungu n'kuikoka mowongoka. Komanso khutu loyera, lopanda fungo, silifuna kutsukidwa kawirikawiri.

Koma... mundimvetse bwino apa, msuweni. Zimene ndafotokozazi ndi za galu wabwinobwino amene wangodetsa makutu. Bingo wanu akudwala. Khutu limene likununkha, lofiira, lotentha, lotulutsa mafinya kapena zinthu zakuda zouma, limenelo simutsuka pakhomo, chifukwa inu ndi ine sitingaone ngati nembanemba ija ili yonse, ndipo ngakhale mankhwala abwino a m'botolo akhoza kuvulaza ngati yabooka. Dokotala amasuzumira ndi chida chake chounikira, naona ngati muli tizilombo, ngati mwalowa kanthu, kapena ngati ndi matenda ofuna mankhwala odonthezera. Akapitiriza kupukusa mutu choncho, mitsempha ya m'tsamba la khutu ikhoza kuphulika, khutulo n'kutupa ndi magazi, ndipo apo ndalama zidzachuluka kuposa zimene mukuopa lero.

Inde, ndanena kuti mukuopa. Ndikukudziwani, inu amene mumayenda wapansi kuchokera ku Area 25 mpaka m'tauni kuti musunge ya minibasi! Funso lanu lenileni ndi lakuti kodi mungathe kuzemba ulendo wa kwa dokotala, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi. Mu Lilongwe momwemo muli a LSPCA, amene amasamalira ziweto, mulinso ofesi ya boma ya ziweto, ndipo mukhoza kuyamba mwafunsa mtengo musanapite. Mukafika mufunsenso za katemera wa chiwewe ngati papita chaka asanabayidwe.

Chinanso, ana asamugwire kumutu masiku ano, makamaka wamng'ono uja amene amakonda kumukoka makutu, chifukwa galu akamamva ululu amaluma ngakhale mwini wake. Zikachitika, mutsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako muthamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndiye usiku uno musathire kanthu kalikonse m'khutumo, ngakhale alamu anene zotani, mungopukuta kunja ndi kansalu koyera ngati galuyo akulola. Mawa m'mawa mupite naye. Ya mayendedwe ndikutumizirani pa Mpamba madzulo ano kuti musapeze chonamizira, ndipo mukachoka kwa dokotala mulembe pagulu pano zimene apeza, chifukwa azakhali akhala akundifunsa.