Re: Ng'ombe yanga ikungofuna nkhunzi koma siyikutenga bere

Achimwene, pepani ndi vutoli. Mwati ng'ombe yanu inabereka miyezi itatu yapitayo, ikumafuna nkhunzi pakangopita masiku ochepa, mwaikapo umuna koma bere osagwira, ndiye anzanu akuti mungogula jakisoni wa mahomoni mubaye. Ine ndikuti dikirani kaye, musathamangire jakisoniyo.

Ng'ombe yabwinobwino imafuna nkhunzi pakatha masiku pafupifupi 21. Ikamachita pafupipafupi chonchi, kulira, kukwera zinzake, nthawi zambiri mkatimo muli chotupa chamadzi pa thumba la mazira. Dzira limakula koma osatuluka, kathumba kake nkumangotupa mpaka kupitirira 2.5 cm nkukhala pompo masiku oposa 10. Komatu ng'ombe zambiri za vutoli sizifuna nkhunzi nkomwe, zimangokhala phee osaonetsa chizindikiro chilichonse, mwini wake nkumaganiza kuti yatenga bere.

Tsono apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Zotupazi zilipo za mitundu iwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Follicular cyst, ya khungu lopyapyala, amabaya GnRH (homoni yothandiza kuti dzira lituluke) monga buserelin kapena gonadorelin, ndiye ng'ombe imadzafunanso nkhunzi bwinobwino pakatha milungu itatu. Luteal cyst ili ndi khungu lokhuthala ndipo imatulutsa progesterone (homoni yosunga bere), cyst imeneyo imamva jakisoni wa homoni ina yotchedwa prostaglandin monga cloprostenol, masiku 2 mpaka 5 ng'ombe yayamba kufuna. Ndi maso simungasiyanitse, ngakhale dokotala wa ziweto popisa mkono amatha kusokonezeka, sikani ndiye imaonetsa bwino. Nchifukwa chake madokotala ambiri amangophatikiza: GnRH tsiku loyamba, prostaglandin patatha masiku 7, GnRH inanso patatha masiku awiri, kenako kuika umuna patatha maola pafupifupi 16. Amaitcha Ovsynch. Ikavutabe amaikanso CIDR (kachipangizo kotulutsa progesterone) kumaliseche kwa sabata imodzi.

Chimene chikundiopsa ineyo ndi prostaglandin. Poti mwaikapo kale umuna, nanga bwanji ngati bere lilipo? Ng'ombe zina zimaonetsa ngati zikufuna nkhunzi zili ndi bere kale, mukangobaya basi yapoloza. Dokotala ayeze kaye. Komanso mankhwalawa amalowa pakhungu la munthu, mayi woyembekezera kapena munthu wa mphumu asawakhudze olo pang'ono. Ndipo wina akati aphulitse chotupacho ndi zala mukane, zimenezo ndi zakale, zimavulaza thumbalo nkutulutsa magazi.

Kadyedwe nakonso muonepo. Vutoli limakonda ng'ombe zotulutsa mkaka wambiri zimene zawonda zitangobereka chifukwa chakudya sichikukwana ndi mkaka womwe mukukama, komanso zimene chiberekero chinadwalapo. Jakisoni achotsa chotupa inde, koma ikapitiriza kuwonda chikhoza kubweranso. Tatiuzani, ikutulutsa malita angati patsiku, ndipo nthiti zikuoneka?