Funsani Injiniya: Model imodzi, mayankho awiri

FUNSO: Bambo, ndili m'chaka chomaliza cha chemical engineering ndipo ndikupanga model ya reactive distillation yopangira MTBE (mankhwala osakaniza mu petulo) mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Aspen Plus. Zolowa mu column (chithanki chachitali chotchezeramo) sindisintha, koma ndikangosintha manambala ongoyerekeza omwe pulogalamu imayambirapo kuwerengera, ulendo wina isobutene imatha pafupifupi yonse, ulendo wina yambiri imatsala. Kodi pulogalamuyi yawonongeka? Wophunzira, Thyolo.

YANKHO: Mphwanga, usathamangire kufufuta pulogalamuyo. N'kutheka kuti mayankho onse awiriwo ndi oona.

Ndiyambe ndathandiza anzathu omwe sali m'kalasi mwakomo. Wotcheza kachasu amadikira mowa upse kaye, kutcheza n'kwapambuyo. Mu reactive distillation ntchito ziwirizi zimachitikira pamodzi mu column imodzi: mankhwala akusandulika, chomwe chapangidwa chikuchotsedwa nthawi yomweyo, choncho reaction yomwe ikanaima panjira imapitirirabe. Kampani ya Eastman inaonetsa phindu lake mu 1983 ku Kingsport, Tennessee, popanga methyl acetate. Acetic acid amalowera chakumtunda, methanol chakumunsi. Methyl acetate, yemwe amawira pa madigiri 57, amatulukira pamwamba, madzi n'kutsikira pansi. Column imodziyo inalowa m'malo mwa reactor ndi mndandanda wa ma column.

Tsono za MTBE wakoyo. Isobutene ikakumana ndi methanol n'kupanga MTBE pamatuluka kutentha, kutenthako kumawiritsa zomwe zili pa stage (gawo limodzi la column), ndipo nthunziyo imasintha kuchuluka kwa methanol pomwe pali catalyst (chofulumizitsa reaction). Chovuta n'chakuti reaction imeneyi imabwerera m'mbuyo. MTBE akaunjikana pamalo otentha pomwe pali catalyst koma methanol wachepa, amasweka n'kubwerera komwe anachokera. Wonjezerapo kuti methanol amakakamirana ndi ma C4 (isobutene ndi anzake a ma carbon anayi) n'kupanga azeotrope (msakanizo wosalekanitsika pongotcheza), moti komwe amapita mu column sikumene ungaganizire poyang'ana madigiri ake owirira. Zotsatira zake, column yomweyo, yolandira zomwezo, imatha kukhazikika pabwino kapena poipa. Jacobs ndi Krishna analemba zimenezi mu 1993, kotero sunatulukire zachilendo.

Chita izi. Tenga yankho labwinolo, uzisuntha polowera methanol stage imodziimodzi kutsika, ulendo uliwonse ukuyambira pa yankho lapitalo. Ukafika kumapeto, ubwerere kukwera. Ukaona kuti njira yopita ndi yobwerera zikusiyana pakatipa, wapeza chenicheni. Zikangodumphadumpha popanda dongosolo, vuto lili m'manambala ako.

Ine ndimayamba ndakayikira thermodynamics. Methanol ndi ma C4 sizisakanikirana mwaulemu, ndiye pamafunika njira yowerengera misakanizo yotere, UNIQUAC kapena NRTL, ndipo ma parameter ake uwayese kaye ngati akutulutsa azeotrope pamalo pake. Ophunzira ambiri amangolandira zomwe pulogalamu yadzaza yokha, kenaka usiku wonse n'kumalimbana ndi convergence (kuti pulogalamu ifike pa yankho). Chachiwiri, usauze kompyuta kuti stage iliyonse imafika pa chemical equilibrium (pomwe reaction imalekezera). Kutero n'kosavuta, koma ndiye kuti wanena kuti catalyst ngwochuluka mopanda malire. Ika kinetics (masamu a liwiro la reaction) ya Rehfinger ndi Hoffmann ya 1990, yomwe imagwiritsa ntchito activity (mphamvu yeniyeni ya mankhwala mu msakanizo), ndipo ulembe makilogalamu a catalyst pa stage iliyonse. Uonenso kutentha: resin yogwira ntchito ya catalyst ngati Amberlyst 15 imayamba kuwonongeka ikapitirira madigiri 120, koma kompyuta sidandaula, ingokupatsa yankho lokongola. Za rate-based model (yowerengera liwiro lomwe mankhwala amasamukira pakati pa zamadzimadzi ndi nthunzi) uzisiye kaye mpaka yosavutayi itayenda.

Kungokutsina khutu, MTBE analetsedwa mu petulo ku California kuyambira 2004 chifukwa choipitsa madzi apansi panthaka. Mnzake ETBE amapangidwa ndi ethanol, yemwe timapanga ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndiye akakufunsa chifukwa chomwe wasankhira MTBE usasowe chonena.

Mu lipoti lako uikemo mayankho onse awiri, ufotokozenso mmene woyendetsa fakitale angayatsire column kuti ikafike pabwinopo. Funso limenelo steady state model (ya column yokhazikika kale) siyankha. Pamafunika dynamic simulation, yoonetsa mmene zinthu zimasinthira ndi nthawi.