Kwa Achemwali Ofuna Kumanga Nyumba ndi Geni ya ku Joni

Achemwali, mwafunsa mmene geni yooda katundu kuno ku Johannesburg n'kukagulitsa kwathu imayendera, ndipo mwati cholinga chanu ndi kusonkhanitsa K20 miliyoni yomangira nyumba pomatha zaka ziwiri. Cholingacho n'chabwino, koma mwachilemba m'ndalama yosadalirika. Ine changa ndinachiwerengera m'matumba a simenti ndi malata, moti katundu akangotha ndinkayamba ndachotsa mpamba, kenako phindu lonse n'kupita nalo ku hadiweya ndisanafike pakhomo, chifukwa ndalama ikagona m'chikwama abale sachedwa kuinunkhiza. Nyumba imene ndinamanga ku Machinjiri lero muli anthu ochita lendi, ndipo palibe mwamuna amene anaikapo njerwa.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Mu November 2023 ndinaoda nsapato, zovala za ana ndi makatani ku China Mall ndi ku Dragon City pokonzekera Khirisimasi, ndipo theka la ndalamazo ndinakongola ku banki mkhonde, komwe ngongole imayenera kubwezedwa asanagawane mu December. Tinayenda bwino, koma pachipata china bambo wina wa yunifolomu anatenga malisiti anga, n'kuwayang'ana mozondotsa, n'kunena kuti mitengo ndachepetsa dala. Anatumbula chikwama chimodzi ndi kiyi wa galimoto, nsapato za ana n'kumwazika pafumbi, iye akundifunsa monong'ona ngati ndinalibe ya fanta. Ndinakana, basi inandisiya, katundu analowa m'nyumba yosungiramo zinthu yomwe ndalama yake imakwera tsiku lililonse. Nkhaniyo isanathe, mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo msonkho wanga anauwerengera pa mtengo watsopanowo. Bambo uja anandipatsa pepala la msonkholo akumwetulira. Mpaka lero ndikamuona ndimayang'ana kumbali.

Amene anatenga katundu wanga wakale pangongole anabweza kwacha zomwezo zimene tinagwirizana, zomwe sizikanathanso kugula ma rand okwanira ulendo wina. Chinandipulumutsa ndi malata aja amene anzanga ankandiseka nawo kuti ndikufolera mphepo. Mtengo wake unakwera pamodzi ndi dola, ndinagulitsako ena, ndinabweza ya banki mkhonde, ndipo amayi a m'gulu sanabwere kudzanyamula sofa wanga monga anachitira kwa mnzanga wina.

Za njira sindikuuzani zambiri, pakuti aliyense wokwera basi pa Park Station amadziwa kuti adzadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete asanaone Mwanza. Chimene ambiri amachinyozera ndi masiku 30 okhala mu South Africa amene amadinda m'pasipoti. Mukapitirira mudzaletsedwa kulowanso m'dziko muno, ndipo nyumba yanuyo idzathera pa fawundeshoni. Musanamizidwenso kuti katundu aliyense wochoka ku South Africa amachotseredwa msonkho pansi pa mgwirizano wa SADC, chifukwa nsapato yopangidwa ku China imakhalabe ya ku China ngakhale mwaigula ku Fordsburg kuno ku Joni. Za matransipota, musapereke katundu wanu kwa munthu amene simukudziwa kumene mkazi wake amakhala. Ndipo a m'maofesi amene adzakuuzeni kuti adzalipira mwezi ukatha, ayambe apereka theka nsapato isanatuluke m'pepala.