Kodi "triumph" ndi chipambano basi?

Funso: Abusa athu akamalalikira m'Chingerezi n'kunena kuti "victory", womasulira amati chipambano. Akanena kuti "triumph", amatinso chipambano. Kodi mawu awiriwa ndi amodzi?

Yankho: Womasulirayo musamudzudzule, koma akusiya mnofu pafupa. "Victory" ndi kugonjetsa mdani, ndipo muzu wake ndi mawu a Chilatini oti vincere, kugonjetsa. Pamenepo chipambano chikukwana bwinobwino.

"Triumph" ndiye nkhani yokoma. Poyamba mawuwa sankanena za kupambanako, ankanena za mwambo wake. Ku Roma wakale, mkulu wa asilikali akapambana nkhondo yaikulu, akuluakulu a boma ankamulola kulowa mumzinda atakwera galeta lokokedwa ndi akavalo anayi. Patsogolo pake pankayenda adani ogwidwa ali m'maunyolo, pamodzi ndi chuma cholanda, mpaka kukachisi wa Jupiter, mulungu wawo wamkulu. Perete ameneyu ndiye ankatchedwa triumphus. Julius Caesar anachita maperete anayi m'chaka cha 46 BC, ndipo Vercingetorix, mtsogoleri wa ku Gaul (dera limene lero muli dziko la France), anamuyendetsa pamaso pa khamu kenako n'kumupha. Mu 71 AD, Titus, mkulu wa asilikali a Roma, anaonetsa ziwiya zimene analanda m'kachisi wa ku Jerusalem. Abusa anu akamawerenga Akolose 2:15, chithunzi chake n'chomwechi: wogonja kumuyalutsa poyera.

Akatswiri ambiri amati Aroma anabwereka mawuwa ku Chigiriki, thriambos, nyimbo yotamanda Dionysus, mulungu wa vinyo. Ine sinditsutsa, poti sindinaonepo opambana akuguba kukhosi kuli kouma.

Choncho pa vesi la Akolose lija, womasulira anene kuti "anawagonjetsa n'kuwaonetsa poyera". Kwina konse, poti Angerezi a lero amangotanthauza kupambana kwakukulu, "chipambano chachikulu" chikwanira.

Chimene chimandiwawa ine si womasulira wanu, koma "kuwina". Tili ana, aphunzitsi ankati mwana wakhoza mayeso, timu yagonjetsa inzake, mfumu yapambana mlandu. Lero aliyense akungowina: chisankho, mlandu, mpira, ngakhale mkazi amene! Ndipo taonani chipongwe chake. M'Chingerezi chakale, winnan, kholo la "win", ankatanthauza kulimbana, kukhetsa thukuta. Ife tawatenga mawuwo n'kuwapatsa mnyamata amene wagona tsiku lonse pakhonde akubetcha mpira pafoni. Kumeneko ndiye awasunge, sindidandaula. Koma pa wailesi ndi paguwa, chonde, tizipambana.