Mukakwera sitima, yambirani kukhitchini

Achimwene, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mwangoyamba ntchito ya zaumoyo padoko, makaputeni akukuonani ngati munthu wofuna kangachepe, ndiye mukufunsa kuti sitima yakatundu ikakocheza muziyang'ana chiyani kwenikweni. Mwanditosa pachilonda.

Ine ndinaphikapo m'sitima yakatundu panyanja yathuyi ndili mnyamata. Tinkanyamula simenti, feteleza ndi chimanga kuchokera ku Chipoka kupita kumpoto, Nkhata Bay mpaka Chilumba. Usiku wina mnzathu wa ku injini anayamba kutsekula m'mimba, zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Kaputeni anati pakamwa tseke, sitima ingamangidwe katundu asanatsike. Tinamugoneka kuseri kwa matumba n'kumufunditsa lona. M'mawa wa zaumoyo anakwera, analunjika kuchipinda cha kaputeni, ndipo tiyi wamkaka amene anamwa ndinapanga ndine. Anasaina, anatsika. Madzi a tiyiyo anachokera m'thanki yomwe tinkadzaza ndi madzi a m'nyanja, mbali yomweyo imene chimbudzi chathu chinkatayira. Mnzathuyo anapulumuka chifukwa tinamumwetsa madzi a mchere ndi shuga usiku wonse. Patapita masiku awiri ndinagwa ndine, wophikira anthu onse.

Mpaka lero sindimukwiyira kaputeni ngati mmene ndimamukwiyira bambo wa zaumoyo uja. Kaputeni ankateteza malipiro ake. Winayo ankalipidwa kuti atsegule thanki ndipo sanaitsegule.

Pepala lilipo ndithu. Malamulo a 2005 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2007, amati sitima yodutsa malire ikhale ndi satifiketi yaukhondo yomwe imatha pakapita miyezi 6. Inalowa m'malo mwa yakale yomwe inkangoona za makoswe. Koma pepala silidwala kolera. Ndipo masitima ambiri a m'mitsinje sadutsa malire n'komwe, amangoyenda m'dziko lomwelo, anthu atakhala pamwamba pa katundu, mbuzi pambali, mbaula ikuyaka.

Onani mtsinje wa Congo. Mu 2011 kolera inatsika ndi mtsinjewo kuchokera cha ku Kisangani mpaka kukafika ku Kinshasa. Mu Meyi 2018 Ebola itapezeka ku Mbandaka, mzinda wa m'mbali mwa mtsinjewo, chimene chinasowetsa anthu tulo chinali doko, poti mabwato amachoka pamenepo kupita ku Kinshasa ndi Brazzaville. Anayamba kuyeza kutentha kwa thupi ndi kusambitsa anthu m'manja pokwerera. Mliriwo unatha mu Julaye, anthu 33 atamwalira. Ena amati kuyezako n'chionetsero chabe. Ine ndimati bola chionetsero cha munthu woima padzuwa kusiyana ndi siginecha ya munthu womwa tiyi.

Kwathu kuno nanga? Asodzi a pa Chilwa okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi, amamwa pomwe amadzithandizira, n'chifukwa chake mu 2016 katemera wa kolera anachita kuwalondola pamadzi pomwepo. Ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 uja, umene unapha anthu oposa 1,700, m'mbali mwa nyanja unavuta zedi. Za doko la Nsanje limene a Bingu anatsegula mu 2010 tisayambe, kumeneko wa zaumoyo angamayendere ng'ona.

Tsono muziyang'ana izi

Musayambire kwa kaputeni. Werengani mayina a ogwira ntchito, kenako muwaone onse ndi maso anu. Wosowayo ndiye nkhani yanu. Tsegulitsani thanki, yezani klorini, funsani komwe anatunga. Tsatirani paipi ya chimbudzi. Unikani ndi tochi pansi pa matumba, ndowe za makoswe sizibisika, ndipo muone ngati zingwe zomangira sitima zili ndi malata otchingira makoswe. Wophika mumufunse ali yekha kuti ndani sanadye dzulo. Ine akanandifunsa ndikanaulula. Tiyi wawo musamwe.