Yankho kwa Amalume pa Nkhani ya Liwiro la Kuwala

Amalume, mwafunsa ngati akatswiri anagwiritsa ntchito calculus poyeza liwiro la kuwala. Ine ndikuona kuti pa kuyeza kwenikweniko sanaifune kwambiri, koma inafunika pamene ankafuna kudziwa chifukwa chake kuwala kumathamanga pa liwiro limenelo.

Calculus ndi masamu ofufuza mmene chinthu chikusinthira pa kanthawi kochepetsetsa, monga liwiro la galimoto imene ikungowonjezera moto. Koma kuwala kukamadutsa m'malo opanda mpweya kapena china chilichonse, liwiro lake silisintha, choncho kugawa mtunda ndi nthawi n'kokwanira. Chovuta chinali kuigwira nthawiyo, poti ndi yochepa zedi. Mu 1849, ku Paris, Hippolyte Fizeau anadutsitsa kuwala m'mipata ya gudumu la mano 720, kuti kukagunde kalilole amene anali pa mtunda woposa makilomita 8 n'kubwerera. Atalizungulitsa gudumulo mofulumira ndithu, kuwala kobwererako kunapeza dzino litatseka kale mpata umene kunatulukira, ndipo iye anaona mdima. Podziwa mmene gudumu linkazungulirira, anapeza makilomita pafupifupi 313,000 pa sekondi, ndipo masamu ake anali ochulukitsa ndi kugawa basi.

Pamene ndimagoma napo ndi pa ntchito ya James Clerk Maxwell m'zaka za m'ma 1860. Iye analemba malamulo a magetsi ndi maginito pogwiritsa ntchito calculus, kusonyeza kuti mphamvu ya magetsi ikamasintha imabala ya maginito, nayonso ikamasintha imabala ya magetsi, mwakuti ziwirizi zimayenda limodzi ngati funde. Atawerengera liwiro la fundelo kuchokera pa zimene Wilhelm Weber ndi Rudolf Kohlrausch anayeza mu 1856, pofufuza za magetsi osati za kuwala ayi, anapeza nambala yoyandikana kwambiri ndi ya Fizeau. Apa m'pamene ananena kuti kuwala nakonso ndi funde la magetsi ndi maginito.

Mwina mudabwa, Amalume, kumva kuti masiku ano liwiroli saliyezanso. Mu 1983 mayiko anagwirizana kuti likhale mamita 299,792,458 pa sekondi ndendende, ndipo kutalika kwa mita imodzi n'kumene tsopano amakupeza kuchokera pa mtunda umene kuwala kumayenda.